Kodi munthu amene akuchepetsa thupi adzithokoze ndi chiyani?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Nchalo, amene anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo. Mayiwa ali ndi zaka 41, amagwira ntchito yokhala pansi tsiku lonse, ndipo atawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi anawalangiza kuchipatala kuti achepetse thupi. M'miyezi inayi atsika kuchoka pa makilogalamu 92 kufika pa 86. Poyamba penipeni anadzilonjeza kuti akadzangotsika ndi makilogalamu asanu adzaima pa Dyeratu n'kudya tchipisi ndi kanyenya mpaka kukhuta, kenaka n'kutsitsira ndi mabotolo awiri a zakumwa zozizira, ndipo tsikulo litakwana anachitadi zimenezo. M'mawa mwake sikelo inaonetsa kuti akwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Anagwa mphwayi, anasiya kuyenda m'mamawa kwa masabata awiri, ndipo anayambiranso kudya mandasi nthawi ya tiyi. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndinalakwa kudzithokoza ndi chakudya? Nanga ndikadzafika pa makilogalamu 80, amene ndikulakalaka, ndidzadzipatse chiyani?"

Mayi, ndisanayankhe funsolo ndikufuna muone kukula kwa ntchito imene mwagwira kale, chifukwa m'kalata yanu mwaitchula mongodutsa. Akatswiri a zaumoyo amagwirizana kuti munthu wonenepa akachepetsa magawo 5 mpaka 10 pa magawo 100 alionse a kulemera kwake, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa shuga m'magazi zimayamba kutsika, ngakhale thupi litakhala kuti silinafike pomwe mwini wake akufuna. Kwa munthu wa makilogalamu 92, magawo asanuwo ndi makilogalamu 4.6, ndipo inu mwawapitirira kale. Mwatsikanso pang'onopang'ono, osafika ngakhale theka la kilogalamu pa sabata, ndipo kutsika kotereku n'kumene munthu angakwanitse kukupitiriza popanda kudzizunza ndi njala. Choncho kufuna kudzithokoza sikunali kulakwa ayi. Ntchito yolemetsa imene palibe amene amaiyamikira imatopetsa msanga.

Ndikufunanso ndikuchotseni nkhawa pa za kilogalamu imodzi ndi theka ija, pakuti sinali mafuta. Kuti thupi lisunge kilogalamu imodzi ya mafuta, munthu ayenera kudya makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700 kuposa amene thupi lake lagwiritsa ntchito. Mbale yaikulu ya tchipisi ndi kanyenya pamodzi ndi mabotolo awiri aja ikhoza kupitirira makalori 1,000, amene ndi ochuluka ndithu pa chakudya chimodzi, koma ali kutali kwambiri ndi 7,700. Chimene sikelo inayeza m'mawa uja chinali madzi ndi chakudya chimene chinali chikadali m'mimba. Mchere wambiri umachititsa kuti thupi ligwire madzi, ndipo zakudya zokhutitsa monga mbatatesi ndi shuga zikasungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, gilamu iliyonse imasungidwa limodzi ndi magilamu atatu a madzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukanadikira masiku atatu kapena anayi mukudya monga mwa masiku onse, sikeloyo ikanabwerera yokha.

Chimene chinakupwetekani ndi masabata awiri otsatirawo, ndipo apa ndi pomwe pali chifukwa changa chokanira chakudya ngati mphotho. Munthu akanena kuti adzadya kanyenya akadzakwanitsa cholinga, wadziuza yekha kuti nsima yochepa ya mapira, nyemba, therere ndi makakana owamba amene akudya tsiku ndi tsiku ndi chilango, ndipo kanyenyayo ndiye ufulu umene ukumudikira akadzatuluka m'ndende. Miyezi yonseyo maganizo anu ankawerengera masiku, ndipo chakudya chimene munachiika patsogolo monga malipiro chinkakoma kwambiri m'mutu kuposa momwe chimakomera m'kamwa. Tsiku litafika munadya ngati munthu amene wamasulidwa, ndipo sikelo itakwera, mtima unanena kuti zaonongeka kale, palibenso chosungira. Ine ndinachitapo zomwezi zaka zingapo zapitazo ndi nyama ya mbuzi yootcha, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndinali nditapatsa mbale imodzi mphamvu imene siinayenere kukhala nayo.

Sindikunena kuti musadzalawenso kanyenya. M'chigwa cha Shire muno, momwe ng'ombe ndi mbuzi zili mbali ya moyo wathu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Ngabu ndi ku Bangula, langizo lotero palibe angalitsate. Kanyenyayo muikeni m'dongosolo lanu la chakudya monga ndiwo wamba, kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, kuchuluka kwake kofanana ndi chikhatho chanu, mutachotsako mafuta ooneka, ndipo mumudye kaya sikelo yatsika kaya sinatsike. Akasiya kukhala chinthu chogwirira ntchito, amasiyanso kukuitanani usiku.

Funso lina limene simunafunse, koma limene ndikuliona kuti ndi lalikulu kuposa onse, ndi lakuti mphothoyo izibwera chifukwa cha chiyani. Inu munaimangirira pa nambala ya sikelo, pomwe nambalayo si inu nokha amene mumailamulira. Kuno kwathu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, munthu amatha kutsika kilogalamu yathunthu pa tsiku limodzi chifukwa cha thukuta lokha, n'kuibweza madzulo akamwa madzi. Kwa amayi, thupi limagwiranso madzi masiku oyandikira kusamba, ndipo sikelo imakwera popanda cholakwa chilichonse. Sikelo za pamsika zimene timalipira kuti tikwerepo sizifanananso ndi ya kuchipatala. Ngati mphotho yanu idalira nambala yotere, tsiku lina mudzadzithokoza chifukwa cha thukuta, ndipo tsiku lina mudzadzilanga mutachita zonse bwino. Choopsa kwambiri n'chakuti ena amayamba kudzimana madzi kuti nambala ioneke yabwino, chinthu chimene m'nyengo yotentha ya kuno chingagwetse munthu pamsewu, makamaka amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Ndi chifukwa chake ndikulangiza kuti mphotho zing'onozing'ono muzimangirire pa zochita zanu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu. Pachikani kalendala pakhoma, ndipo tsiku lililonse limene mwayenda dzuwa lisanakwere, ikanipo chizindikiro. Tsiku limene simunamwe chakumwa cha shuga, ikanipo china. Botolo la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera monga Coca-Cola limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni ang'onoang'ono asanu ndi atatu, pomwe WHO imati shuga woonjezera asapitirire masupuni 12 pa tsiku, ndipo zikanakhala bwino akanakhala 6 okha. Inu amene mumadzuka n'kuona minda ya nzimbe mbali zonse mukudziwa kuti shuga kuno sasowa, ndipo mukawerenga masupuni amene amalowa m'tiyi wa m'mawa mudzaona kuti botolo limodzi limatha kukupitiritsani malire tsiku lisanafike pakati. Ndalama imene mukanagulira botololo ndi mandasi iponyeni m'kachitini kapena muisunge padera pa foni. Ndiyo idzagule mphotho, ndipo mudzaigula ndi ndalama imene khama lanu lapulumutsa, osati yochotsa pa ndiwo za ana.

Nanga mphothoyo ikhale chiyani? Muyezo wanga ndi umodzi: chikhale chinthu chimene mukuchifunadi, ndipo chikakhala m'manja mwanu chikukankhireni kutsogolo. Mwezi woyamba umene kalendala yadzaza, gulani nsapato zabwino zoyendera, ngakhale za pa kaunjika, chifukwa kuyenda ndawala ndi patapata kumapweteketsa zidendene ndi maondo, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Mwezi wina likhale botolo losunga madzi ozizira, chipewa chachikulu, kumangitsa tsitsi, kapena tsiku limodzi lopuma limene ena apakhomo aphike ndi kuchapa. Ngati kachitini kadzaza mokwanira, kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi kunyumba ndi mphotho yanzeru, popeza nambala imene inakuyambitsani ulendowu ndi imeneyo, osati ya sikelo.

Koma mphotho imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya kwa telala. Tengani diresi limene mumalikonda, limene tsopano lakula, mukalichepetsetse. Zimenezi n'zotchipa kuyerekeza ndi kusoketsa latsopano, ndipo zili ndi ubwino wina umene anthu sauganizira: chovala chokukwanani bwino chimakuuzani msanga thupi likayamba kubwerera, pomwe chitenje, chimene timangomanga pomwe chafika, sichidandaula ngakhale mutaonjezera makilogalamu asanu. Telalayo mumupemphenso akuyezeni m'chiuno, cha pamchombo, ndipo nambalayo muilembe. Kwa amayi, chiuno chopitirira masentimita 88 chimasonyeza chiopsezo chachikulu cha matenda a shuga ndi a mtima, ndipo njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti chiuno chisapitirire theka la kutalika kwanu. Kawirikawiri tepi ya telala imapitiriza kutsika m'masabata amene sikelo yaima. Zovala zatsopano zodula, monga za ukwati kapena za kutchalitchi, dikirani kaye kufikira thupi litakhazikika, kuopa kusoketsa kawiri.

Pali chifukwa china chimene munthu wa kuno ayenera kudzithokozera yekha mwadala. Kwathu kunenepa kumatengedwa ngati umboni wakuti pakhomo pali mtendere ndiponso kuti bambo akusamala banja, ndipo kuonda kumakumbutsa anthu njala, mavuto a m'banja kapena matenda. Dera limene laona chilala ndi madzi osefukira kambirimbiri, kumene anthu ena amakumbukira zaka zodya nyika za m'dambo, silingayembekezeke kuombera m'manja munthu amene akuchepetsa nsima mwa kufuna kwake. M'malo mwa kukuyamikirani, apongozi adzafunsa ngati mwana wawo akukuvutitsani, ndipo ena adzanong'onezana kuseri. Musadabwe nazo, ndipo musayembekezere mphotho kuchokera kumeneko. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri amene akumvetsa chifukwa chake, kaya ndi bambo a kunyumba, kaya ndi mnzanu wa ku banki mkhonde, ndipo muziwaonetsa kalendala ija kumapeto kwa mwezi. Kwa ena onse amene akuwerenga, ndinene pano kuti nkhawa ya apongoziyo ili ndi mbali yoona: munthu amene akuonda asakufuna, makamaka ngati akutsokomola, akumva ludzu losatha kapena akukodza pafupipafupi, ayenera kupita kukayezetsa, chifukwa kuonda koteroko si kopatsira mphotho.

Tsopano za makilogalamu 80. Ndikanakhala inu, ndikanaika mphotho yaikulu pang'ono pa makilogalamu 83, pomwe mudzakhale mutachepetsa magawo 10 pa 100, chifukwa kuchoka pa 86 kufika pa 80 kungatenge nthawi yaitali kuposa miyezi inayi yoyamba ija. Thupi likachepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, ndipo njala imakula chifukwa thupilo limayesetsa kubweza zimene lataya. Kuima kwa sikelo kwa masabata angapo n'kwachibadwa ndithu. Mphotho ya pa 83 ikhoza kukhala ulendo wa tsiku limodzi ndi ana ku Lengwe, pafupi ndi kwanu komweko, kukaona agwape a mtundu wa boo amene malowo amatchuka nawo. Ya pa 80 ikhale ya ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likusamalira kuyambira mu 2003 ndipo njovu, zipembere ndi mikango zinabwezeretsedwa, mukaimenso pa mathithi a Kapichira amene anatsekereza ngalawa ya David Livingstone mu 1859. Ambiri a ife tinabadwira m'chigwa chino koma malowa timangowamva kwa alendo, chonsecho Amalawi amalipira ndalama zochepa polowa kusiyana ndi ochokera kunja.

Musungenso mphotho imodzi, yoposa zonsezi, ya tsiku limene mudzakwanitse miyezi isanu ndi umodzi muli pa kulemera kwatsopanoko osakweranso. Anthu ambiri amene amachepetsa thupi amabwezanso gawo lalikulu m'zaka zochepa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti akafika pa nambala imene ankafuna, mphotho zonse zimatha ndipo kalendala imachotsedwa pakhoma. Diresi latsopano la chitenje chodula lija ndi la tsiku limenelo.

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ngati anakupatsani, musawasiye nokha monga njira yodzithokozera, ngakhale kamakina katamaonetsa nambala zabwino. Tengani nambala zimene mwalemba mukawaonetse adokotala, ndipo iwowo ndi amene angaone ngati mlingo uyenera kuchepetsedwa. Pa za masabata awiri amene munapumula aja, musawalipire podzimana chakudya kapena poyenda mtunda wowirikiza dzuwa lili pamutu. Mawa dzukani nthawi imene munkadzuka kale, imwani madzi, yendani mphindi 30, ndipo mukabwerako muike chizindikiro choyamba pa kalendala. Diresi lopita nalo kwa telala mulisankhiretu lero, kuti Loweruka la sabata yachinayi lidzakupezeni mutalipinda kale m'chikwama.