Bilu ya dokotala wogonetsa: musathamangire kulipira

Mayi, kalata yanu ndailandira. Mwati munachitidwa opaleshoni ya ndulu kuno ku Indiana, pachipatala chomwe chili pa mgwirizano ndi kampani yanu ya inshuwalansi, koma tsopano kwabwera bilu ya madola 2,400 yochokera kwa dokotala amene anakugonetsani tulo ndi mankhwala pa opaleshoniyo, ati iyeyo sali pa mgwirizanowo. Mukufunsa ngati mulipire.

Musalipire kaye. Kuyambira pa 1 Januwale 2022, lamulo la No Surprises Act limaletsa zimenezi mu America monse muno. Ngati chipatala chili pa mgwirizano, dokotala wogonetsa, wowerenga zithunzi za X-ray kapena woyeza zinthu ku labu sangakulipiritseni zoposa gawo lomwe mukanalipira kwa dokotala wa pa mgwirizano. Ndalama yotsalayo akalimbirane okha ndi kampani; lamulo linawapatsa njira yawo yokambirana, ndipo inu mulibe nawo gawo. Munali gone pa tebulo la opaleshoni, mukanamusankha bwanji munthuyo?

Mwina adzakuuzani kuti munasaina pepala lovomera. Musachite nazo mantha. Pepala lotere limagwira ntchito kwa madokotala ena, monga wochita opaleshoni amene mwamusankha nokha, ndipo pa opaleshoni yokonzekeratu muyenera kulipatsidwa kudakali maola 72. Koma pa ntchito yogonetsa, lamulo silivomera kuti mutaye chitetezo chanu, ngakhale siginecha yanu ioneke papepalapo.

Yambani ndi chikalata cha EOB chimene kampani imatumiza, chosonyeza zomwe yalipira ndi zomwe zatsalira inu. Chiyerekezeni ndi biluyo. Ngati EOB ikuti gawo lanu ndi lochepa, vuto lili ku ofesi ya dokotala: alembereni kalata, tchulani lamuloli, apempheni akonze bilu ndipo asaipereke kwa okhometsa ngongole nkhani idakali m'kati. Ngati kampani ndiyo yawerengera dokotalayo ngati wosakhala pa mgwirizano, chitani apilo ku kampaniyo. Muli ndi masiku 180 kuchokera pomwe munalandira chigamulo chawo, ndipo poti chithandizo munalandira kale, iwo ayenera kuyankha pasanathe masiku 60. Akakana, muli ndi miyezi inayi yopempha kuti nkhaniyo ikaunikidwe ndi bungwe loima palokha, ndipo chomwe bungwelo lagamula kampani iyenera kuchitsatira.

Pano ndipamene abale athu ambiri amagwera, ndipo zimandiwawa. Timaimba foni, munthu wa mawu okoma n'kutiuza kuti zikonzedwa, ife n'kukhala pansi kudikira, masiku 180 aja n'kutha. Foni si apilo. Lembani, sungani kope, ndipo nthawi iliyonse mukaimba lembani tsiku, dzina la woyankha ndi nambala ya nkhani yanu.

Mungathenso kudandaula ku boma pa nambala ya No Surprises Help Desk, 1-800-985-3059. Kudandaula n'kwaulere, ndipo sikufuna loya.

Pali chimodzi chomwe simunatchule: inshuwalansi yanuyo ndi ya mtundu wanji? Ya kuntchito kapena yogula pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi, imatetezedwa. Ya kanthawi kochepa, kapena ija yosonkherana m'magulu a mpingo, lamuloli siliikhudza. Ambulansi yapamsewu nayonso lamuloli linaisiya kunja. Nditumizireni EOB, biluyo ndi khadi lanu la inshuwalansi mbali zonse ziwiri, ndione tsiku lomwe masiku anu anayambira kuwerengedwa.