Kwa mayi amene nthano yawo yaitali yaima pa mutu wachinayi

Mayi, mwati ndinu mphunzitsi, muli ndi ana atatu, wamng'ono akadali ku mkombaphala, ndipo nthano yaitali imene munayamba yaima pa mutu wachinayi chifukwa kampata kalikonse kamene mwapeza kamathera pa kuwerenga mabuku a anthu ena. Mukufunsa ngati kuli bwino kudikira kuti ana akule, kapena kuleka kuwerenga mpaka mutamaliza buku lanu. Ine ndikuona kuti njira ziwiri zonsezi sizingakuthandizeni.

Kudikira kuti ana akule n'kudzinamiza, chifukwa akamakula ntchito yawo siichepa, imangosintha maonekedwe: lero ndi matewera ndi phala, mawa ndi fizi ndi mayeso a Fomu 4, kenaka zinkhoswe ndi adzukulu. Buchi Emecheta wa ku Nigeria anafika ku London m'chaka cha 1962, ndipo ukwati wake unatha iye ali ndi ana asanu, mwamuna wake atatentha zolemba za buku limene mayiyo anayamba kulemba. Analera anawo yekha, akugwira ntchito komanso akuphunzira ku yunivesite, koma buku lake loyamba linatuluka mu 1972, ndipo lija linatenthedwa analilembanso n'kulitulutsa mu 1976. Sindikunena izi pofuna kuti mudzione olephera, pakuti moyo umene iye anakhala sitingaufunire munthu wina aliyense. Ndikungosonyeza kuti mabuku ambiri amalembedwa m'nyumba zaphokoso.

Chimene ndikuona kuti n'chachikulu ndi ichi: nthawi yolembera musamaibe, muzipempha poyera. Olemba ambiri amene ali pabanja amalemba mobisa ngati akuchita chinthu chochititsa manyazi, ndipo akasokonezedwa amakwiyira anthu amene sakudziwa n'komwe kuti alakwa chiyani. M'makomo mwathu munthu akadzitsekera kuchipinda masana, anthu amayesa kuti wadwala kapena wanyanyala, ndipo mlendo akaodira pakhomo sitingamuuze kuti mayi akulemba nthano. Choncho khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwauze zimene mukulemba, chifukwa chake mukuzifuna, ndi nthawi yeniyeni imene mukupempha, monga kuyambira 4 koloko mpaka 5 koloko mbandakucha masiku apakati pa sabata, kapena Loweruka masana mutamaliza kuchapa. Mugwirizane kuti pa nthawi imeneyo adzakoleza mbaula ndani, ndipo wamng'onoyo akadzuka n'kuyamba kulira adzapita kwa yani. Pempho lakuti "mundipatseko mpata" limaiwalika msanga, koma ola lodziwika anthu amalizolowera, ngakhale ana. Ndikupempheni chinthu chimodzi pamenepa: mtolo umene mwatulawo usagwere mwana wamkazi wamkulu yekha, kapena mwana wa abale amene mukumusunga, chifukwa nayenso ali ndi zake za kusukulu, ndipo m'makomo ambiri ndi iye amene amalipira ufulu wa anthu ena mwakachetechete.

Ola limodzi lingaoneke lochepa, koma tawerengetsani. Mawu 300 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi mawu 1,500, ndipo pa masabata 40 akwana 60,000, omwe ndi buku lathunthu. Masabata 12 otsalawo ndawasiyira dala maliro, kudwazika matenda kuchipatala, alendo a kumudzi, ndi nyengo yochonga mayeso ndi kulemba masikimu, pakuti zimenezi zidzabwera ndithu ndipo n'zoyenera kukhala patsogolo. Mukabwerako ku maliro musamawerenge masiku amene apitawo ngati ngongole yoti mubweze. Pitirizani pamene munalekezera. Zimathandizanso kulekeza pakati pa chochitika, mwachitsanzo munthu wa m'nkhani yanu atangogogoda pachitseko, kuti mawa lake musayambe ndi kudzifunsa cholemba. Kope la sukulu ndi cholembera sizidikira magetsi, koma mutu uliwonse mukaumaliza muziujambula pa foni kapena kuutaipa n'kudzitumizira pa imelo, chifukwa kope losiyidwa patebulo m'nyumba ya mwana wa zaka zitatu limasanduka lojambulamo galimoto.

Kuwerenga musaleke, chifukwa wolemba amene sawerenga amangobwereza mawu ake omwe. Vuto lanu, monga ndikulionera, n'lakuti mwapereka nthawi yabwino kwambiri ku ntchito yopepuka. Kulemba kumafuna mutu wopuma, pamene kuwerenga kumatheka ngakhale mutatopa, muli m'minibasi, pamzere wa kubanki, kapena mukudikira kusikelo. Choncho mbandakucha ukhale wa buku lanu, ndipo mabuku a ena adikire madzulo. Tivomerezenso kuti nthawi zina timathawira ku buku la wina chifukwa lathu lafika povuta, ndipo timadzitonthoza kuti tikuphunzira luso. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pamene mukulemba, werengani buku limodzi pa nthawi, ndipo muziliwerenga ndi funso m'mutu: wolembayu wadumpha bwanji zaka khumi m'ndime imodzi, nanga wawayankhulitsa bwanji anthu awiri okwiyirana popanda kutiuza kuti akwiya? Ngati mukulemba m'Chichewa, musamangowerenga za Chingerezi, chifukwa ziganizo zanu zidzayamba kuyenda ngati zomasulira. Samuel Josiah Ntara, amene analemba Nthondo yomwe inatuluka mu 1933, anali mphunzitsi ngati inu nomwe, pa mishoni ya Nkhoma, ndipo alipo ena ambiri amene anabwera pambuyo pake, monga John Gwengwe ndi Willie Zingani. Pofuna kuti ndalama za ndiwo zisamathere ku sitolo ya mabuku, lembetsani ku National Library Service, imene ili ndi nthambi m'mizinda yathu ikuluikulu, ndipo ana muziwatenga popita kumeneko. Mphindi zochepa zowawerengera nthano asanagone zimakupatsani mpata womva mmene chiganizo chimamvekera chikatuluka pakamwa, komanso ana sabisa nkhani ikawatopetsa.

Pomaliza, mudziwiretu kuti a pabanja panu adzadzifunafuna m'buku lanulo. Zimene mumamva pakhomo, mikangano ya apongozi ndi akamwini, nkhani za chuma cha masiye, ndi zimene zidzapatse nthano yanu moyo, koma musakopere munthu wathunthu monga alili. Sinthani dera, ntchito ndi msinkhu, phatikizani makhalidwe a anthu awiri kapena atatu mwa munthu mmodzi, ndipo chinsinsi chimene wachibale anakuuzani m'chipinda musachiike pa pepala musanamupemphe. Bambo a kunyumba akafuna kuwerenga, apatseni mitu imene yatha kale, osati imene mukulimbana nayo sabata ino.