Funsani Amakaniko: Ndithire oyilo wochuluka bwanji mu petulo wa injini ya boti?

FUNSO: Ndagula injini yatsopano ya Yamaha Enduro ya 15 HP ya boti lathu lophera usipa, koma alovi anga akutsutsana pa kasakanizidwe ka oyilo ndi petulo. Wina akuti tizithira oyilo wambiri kuti injini ikhalitse, pomwe mnzake akuti oyilo wa galimoto ndi wokwanira popeza ngotsika mtengo. Ndimvere uti?
Mwini boti, Senga Bay, Salima

YANKHO: Bambo, onse awiriwo akusokeretsani, ngakhale kuti woyambayo akunena zoona pa maola 10 oyamba okha.

Injini ya two-stroke ngati yanuyi ilibe mosungira oyilo pansi monga ilili ya galimoto, kotero oyilo amalowa pamodzi ndi petulo, nafewetsa pisitoni ndi ma bearing, kenaka n'kupsera limodzi ndi petuloyo. Pa injini zambiri za mtundu wanu muyezo wake ndi 50:1, kutanthauza 20 ml ya oyilo pa lita iliyonse ya petulo. Chigubu cha malita 20 chimafuna 400 ml, ndipo thanki ya malita 25 imafuna 500 ml. Popeza yanu ndi yatsopano, pa maola 10 oyamba thirani kawiri muyezowo, ndiye kuti 25:1, kapena 800 ml pa chigubu, ndipo musaithamangitse kwambiri kufikira zitsulo za m'kati zitazolowerana. Onaninso buku lomwe linabwera ndi injiniyo, chifukwa zilipo zina zomwe zimafuna 100:1.

Oyilo akachepa, pisitoni imatentha n'kukakamira m'kati, ndipo zimenezi sizichitikira padooko koma usiku pakati pa nyanja, boti litadzaza usipa. Akachuluka, injini imafuka utsi wabuluu, mwaye umaunjikana m'kati, ndipo mukamasula pulagi mumaipeza yakuda ndi yonyowa. M'mawa mwake mlovi amakoka chingwe mpaka phewa kuwawa injini osalira. Ambiri mwa eni maboti omwe amandibweretsera injini zotere amalumbira kuti anayeza, koma ndikafunsitsa ndimapeza kuti muyezo wawo unali maso ndi mtundu wa petulo. Pezani botolo loyera, mulembe mzere pa 400 ml ndi pa 500 ml, ndipo lizikhala m'boti momwemo.

Za oyilo wa galimoto, iwalani. Iye sanapangidwe kuti azipsa, ndipo amasiya phulusa lomwe limamanga ma ring a pisitoni. Gulani wolembedwa TC-W3 pabotolo, chomwe ndi chizindikiro cha bungwe la NMMA la ku America cha oyilo wa injini zoziziritsidwa ndi madzi. Oyilo wa 2T wa njinga zamoto anapangidwira injini zotentha kwambiri zoziziritsidwa ndi mphepo, choncho si woyenera kwa inu. 

Posakaniza, thirani theka la petulo m'chigubu choyera, onjezani oyilo yense, tsekani ndi kukhutchumula bwino, kenaka malizitsani petulo wotsalayo. Chitani izi pamtunda, kutali ndi nyali zophera usipa komanso anthu osuta fodya. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amakoka chinyezi, kotero sakanizani woti mugwiritse ntchito m'masiku ochepa okha, ndipo chigubu chomwe chagona muchikhutchumulenso musanathire m'thanki.