Kukhoza mayeso n'kokwanira?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati mwana wakhoza bwino MSCE, nkhani ya kuzindikira ndi udindo ikulowanso pati. Ine ndikuti pamenepo ndiye pagona maphunziro.

Paulo Freire, mphunzitsi wa ku Brazil, ankadana ndi kaphunzitsidwe komwe ankakayerekeza ndi banki: aphunzitsi kusungitsa mawu m'mutu mwa mwana, pa mayeso n'kukawatapa. Iye ankafuna wophunzira atseguke maso, aone mmene zinthu zilili kwawo, afunse chifukwa chake, kenako achitepo kanthu. Ku Angicos, tauni ya ku Brazil komweko, mu 1963 anthu akuluakulu anaphunzira kuwerenga mwa njira yakeyi, poyambira pa mawu a m'moyo wawo womwe.

Tibwere kuno kwathu. Mwana wa ku Chilobwe amaloweza kuti kudula mitengo kumakokolola nthaka, n'kukhoza funsolo. Koma namondwe wa Freddy mu 2023 anagumula phiri la Soche iye akuona, anzake ena osabwereranso m'kalasi. Zimandiwawa kuti phunziro la m'kope ndi phiri lomwe amaliona tsiku ndi tsiku sizikumana. Aphunzitsi atamufunsa kuti makala a kunyumba kwawo amachokera kuti, ndipo iye angatani, phunziro lija lingakhale lakelake. Ife makolonso tisamukalipire akabwera ndi funso lomwelo madzulo tikusonkha mbaula.