Bwenzi langa ndi msilikali ku UK, angavale yunifolomu pa ukwati wathu?

Ankolo,
Bwenzi langa linalowa usilikali ku UK ndipo ukwati tikufuna tidzapangire konkuno ku Lilongwe. Ine ndikufunitsitsa adzavale yunifolomu ija ya perete koma iye akungoti ndi zovuta osandifotokozera bwinobwino. Ndimaganizanso zoti telala asokere anyamata operekeza zofanana naye, komanso kwawo kuli mamendulo a malemu agogo ake omwe anali msilikali wa King's African Rifles (KAR), angawavale? Nanga ndevu wasungazi sadzamuvuta nazo?
Mtsikana wa ku Area 25

Zikomo achemwali, ndipo mafuno abwino. Alamu athuwo sakukunamizani ayi, ndi zovutadi koma sikuti nzosatheka. Yunifolomu ngakhale ili mu wadilopu yake si chovala chake ngati suti yogula yekha, ndi ya gulu la nkhondo, ndiye kuti aivale pa ukwati akuyenera kupempha kwa abwana ake olamulira gulu lomwe iye ali, ndipo poti ukwatiwo uchitikira dziko lina chilolezo chake chimakhala chapaderanso. Ayambe kupempha pano, asadikire kuti makadi atuluke.

Komanso mudziwe kuti ya perete ilipo mitundu iwiri yomwe ingamukhudze. Pali No. 2 Dress, ya khaki ija, jekete, shati, tayi ndi thalauzi, iyi msilikali aliyense amapatsidwa. Ndiye pali No. 1 Dress yomwe magulu ambiri imakhala ya buluu wodera ngati wakuda, ngakhale a The Rifles yawo ndi yobiriwira modera ndipo a Royal Regiment of Scotland amavala kilt, chija chooneka ngati siketi. Pa maukwati ambiri amakonda No. 1 yo koma si onse ali nayo yawoyawo, nthawi zambiri amachita kubwereka ku sitolo ya gulu lawo nkukabweza. Ine nditati ndisankhe ndingati atenge No. 2 yake yomwe inayezedwa pathupi pake, kusiyana ndi yobwereka yoti manja akulendewera.

Akaivala aivale yonse monga mwa malamulo ake. Palibe zoti jekete ya usilikali koma tayi ya pinki kuti igwirizane ndi mtundu wa ukwati, palibe nsapato zosongoka za ku shopu, mabatani onse omanga, thalauzi yosita mzere kuoneka, nsapato zopolisha ndi kansalu ndi timadzi mpaka kumaonekamo nkhope. Ngati gulu lake limavala bereti, baji imakhala pamwamba pa diso lakumanzere nsalu yotsalayo nkuikokera kumanja. Ndikunena izi chifukwa zithunzi za ukwati zimathera pa Facebook ndipo sajeni wake akaziona zitasakanizidwa mnzanuyo ndiye akayankhe akabwerera.

Za anyamata operekeza zija, chonde zisiyeni. Ku UK kuli lamulo la 1894 lotchedwa Uniforms Act loletsa munthu wamba kuvala yunifolomu ya usilikali popanda chilolezo, ndipo kuno kwathunso a MDF akhala akuchenjeza anthu kuti asamavale zofanana ndi za asilikali. Asokereni masuti wamba akuda kapena a buluu, mkwati yekha ndiye aoneke kuti ndi msilikali.

Nkhani ya mamendulo a agogo yandikhudza kwambiri. Azigogo athu ambiri a King's African Rifles anakamenya nkhondo mpaka ku Burma mu 1944, ndipo mabanja ambiri mamendulo aja anatayika kapena ana anaseweretsa, ndiye ngati kwa alamuwo alipobe awasamale. Koma mwambo wake ndi uwu, pachifuwa kumanzere munthu amavala mamendulo omwe anapatsidwa iye mwini basi. A wachibale yemwe anamwalira amavalidwa kumanja, kuti aliyense woona adziwe kuti si ake, ndipo izi zimachitika makamaka pa mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala osati paliponse. Pa yunifolomu ya ntchito asawaike popanda kufunsa abwana ake. Chomwe mungachite, muwaike mu felemu limodzi ndi chithunzi cha agogowo pa tebulo la akwati, ankhoswe kapena MC anenepo mawu pang'ono, anthu adzamva bwino lomwe.

Ndevu si vuto monga kale. Kuyambira mu Malichi 2024 asilikali a British Army analoledwa kusunga ndevu, bola zikhale zonse pamodzi ndi zapamlomo, zodulira bwino, kutalika kwake pakati pa 2.5mm ndi 25.5mm, m'khosi ndi m'masaya mometa, osati za madizayini zija ometa amajambula. Tsitsi likhale lalifupi losafika pa kolala.

Chilolezo chikakanika musakhumudwe naye, avale suti pa ukwatiwo, zithunzi za yunifolomu mukajambulitse mukapita kumeneko.
Ankolo