Chidindo cha pakhosi pa botolo la vinyo wa ku South Africa chikunena chiyani kwenikweni?

Mayi, mwafunsa kuti alendo a pa loji yanu ayamba kufuna vinyo wolimidwa mosamalira chilengedwe, ndiye pooda katundu mungadziwe bwanji kuti zolembedwa pabotolo n'zoona, komanso ngati n'koyenera kulipira ndalama zoonjezera. Poti vinyo wambiri wa m'mashopu a ku Lilongwe ndi Blantyre amachokera ku South Africa, tikambe za zidindo za kumeneko. Chofunika kugwira ndi ichi: chidindo chilichonse chimayankha funso lake lokha. Cha chilengedwe sichinena za malipiro a antchito, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chimalonjeza kuti vinyoyo akukomerani.

Musayambire pa lebulo ya kutsogolo. Mawu ngati "natural" kapena "eco-friendly", ngakhalenso chithunzi cha tsamba lobiriwira, aliyense angathe kusindikiza. Yang'anani pakhosi pa botolo. Pamenepo pamamatidwa kapepala ka bungwe lotsimikizira vinyo la Wine Certification Authority, limene kale linkatchedwa Wine and Spirit Board. Kakakhala ndi duwa la protea ndi mawu akuti "Integrity & Sustainability Certified", kakutsimikizira zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Choyamba ndi chiyambi cha vinyoyo, motsatira ndondomeko ya Wine of Origin imene inayamba mu 1973. Lebulo ikati W.O. Stellenbosch kapena W.O. Swartland, mphesa zonse ziyenera kuchokera m'dera limenelo, osati zambiri chabe. Ikatchula mtundu wa mphesa, monga Pinotage kapena Chenin Blanc, magawo osachepera 85 pa 100 aliwonse akhale a mtunduwo, ndipo muyeso ndi womwewo pa chaka chokolola. Vinyoyo amapimidwanso ku labu n'kulawidwa ndi akatswiri asanaloledwe. Kulawako n'kofuna kuchotsa woonongeka basi, monga mmene chizindikiro cha MBS chimakuuzirani kuti katundu wakwanitsa muyeso, osati kuti waposa anzake onse. Dziwaninso kuti W.O. Western Cape ndi dera lalikulu zedi, mphesa zake zikhoza kutoledwa m'minda yotalikirana makilomita mazana, pamene W.O. Constantia ndi kadera kochepa.

Chachiwiri ndi ndondomeko ya Integrated Production of Wine, mwachidule IPW, imene inakhazikitsidwa mu 1998. Chidindo chophatikiza ziwirizi chinayamba ndi vinyo wa 2010. Kuti botolo lichilandire, minda yonse imene munachokera mphesa, nyumba yofululira ndi malo othira m'mabotolo ziyenera kukhoza pa IPW.

Kumunda IPW imafuna chiyani? Mlimi azipopera mankhwala olembetsedwa okha, pa mlingo wake, n'kulemba tsiku, dzina ndi kuchuluka kwake. Azisiya kupopera masiku oikidwa asanakolole kuti mankhwala asatsalire m'mphesa. Zigubu zotha azitsuka katatu n'kuziboola kuti wina asakatungiremo madzi akumwa. Asanapopere aziyamba wayendera munda kuona ngati chilombocho chilipodi. Chitsanzo chabwino ndi kodikodi, amene amafalitsa matenda opinda masamba otchedwa leafroll. Matendawa amachedwetsa kupsa kwa mphesa, ndipo mpesa ukagwidwa palibe kuchiza, n'kuzula basi. Mlimi wosadziwa amathira mankhwala amphamvu munda wonse, n'kupha limodzi tizilombo timene timadya kodikodiyo, chaka chamawa vuto n'kukula. Wodziwa amalimbana ndi nyerere, chifukwa ndizo zimateteza kodikodi pofuna timadzi totsekemera timene amatulutsa. Nyerere zikalephera kukwera mtengo, adani ake achilengedwe amamutha okha. Pakati pa mizere amafesa tirigu, oats kapena lupin mvula ya dzinja lawo ikamayamba cha mu Epulo, kuti nthaka isakokoloke ndipo isunge chinyezi. Nkhani ya chinyeziyi inakula kwambiri ndi chilala cha 2015 mpaka 2018, pamene mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kutseka mipopi. Kofululira nako kuli vuto lake: madzi otsukira matanki amakhala ndi soda komanso zotsalira za vinyo, ndipo akangotayidwa mumtsinje amamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kufa.

Koma apa mpofunika kunena mosabisa. IPW imalola fetereza ndi mankhwala a m'fakitale, kuphatikizapo opha udzu. Mlimi amadziunika yekha chaka ndi chaka, ndipo oyendera odziimira paokha safika pa munda uliwonse chaka chilichonse. Komanso vinyo wochuluka kwambiri wovomerezeka wa ku South Africa ali nacho chidindochi, choncho sichisiyanitsa mlimi wakhama ndi wongokhoza pang'ono. Chitengeni ngati poyambira. Wogulitsa akakukwezerani mtengo chifukwa cha chidindo chimenechi chokha, kanani.

Mlendo akati akufuna organic, akutanthauza china: popanda fetereza wa m'fakitale, popanda mankhwala opha udzu, ndipo munda umadikira zaka zitatu usanavomerezedwe. Fufuzani kumbuyo kwa botolo chizindikiro cha European Union cha tsamba lopangidwa ndi nyenyezi, pamodzi ndi nambala ya bungwe limene linaunika, monga Ecocert kapena Control Union. Musamuuze mlendo kuti vinyoyu sanapoperedwe kanthu, chifukwa si zoona. Alimi a organic amapopera sulufule ndi kopa polimbana ndi chuku cha masamba. Kopa amatsukika ndi mvula, ndiye amabwerezabwereza, ndipo saola, amangounjikana m'nthaka mpaka kupha nyongolotsi. N'chifukwa chake kuyambira 2019 ku Ulaya anaika malire a makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Musalonjezenso kuti mulibe ma sulphite, mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke. Malamulo a ku Ulaya amalola mamiligalamu 100 pa lita mu vinyo wofiira wa organic wosatsekemera ndi 150 mu woyera, pamene wamba amaloledwa 150 ndi 200. Ndi ochepa, koma alimo, ndipo kwa mlendo wa mphumu kusiyana kwa "ochepa" ndi "mulibe" si nkhani yamasewera. Akapitirira mamiligalamu 10 pa lita, lebulo imalemba kuti "contains sulphites".

Chimene alendo ambiri safunsa, koma chimayenera kutikhudza ife kuposa iwo, ndi anthu othyola mphesazo, poti pakati pa aganyu a m'mafamu a ku Western Cape palinso abale athu ochokera kuno kumudzi. Mbiri ya mafamuwa ndi yowawa. Kwa zaka mazana antchito ankalipidwa mbali ina ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, umene unasiya uchidakwa m'mabanja mpaka lero. Mu 2012 antchito a ku De Doorns ananyanyala ntchito, ndipo mu 2013 malipiro otsikitsitsa a tsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105. Zidindo za nkhaniyi ndi ziwiri. WIETA, bungwe limene linayamba mu 2002, limaunika makontrakiti, maola a ntchito, nyumba, zovala zodzitetezera popopera, ndi kuletsa kugwiritsa ntchito ana. Fairtrade imaonjeza ndalama yapadera imene komiti ya antchito eni ake imasankha chochita nayo, kaya sukulu ya mkaka kapena thiransipoti ya ana asukulu. Kufooka kwake n'kwakuti oyendera amabwera masiku owerengeka, ndipo waganyu wa nyengo yokolola wobwera kudzera mwa kontrakitala ndiye savuta kuphonyedwa. Ngakhale zili choncho, mukapeza mabotolo awiri a mtengo wofanana, tengani lokhala ndi chimodzi mwa zidindozi.

Mudzaonanso kambalame ka sugarbird katatera pa protea. Chimenecho ndi chidindo cha WWF Conservation Champion, cha famu imene inapatula malo osungira zomera zachilengedwe za ku Cape zotchedwa fynbos. Chidindo cha Certified Heritage Vineyards chimangonena kuti mipesa ili ndi zaka 35 kapena kuposerapo.

Tsopano pooda chitani izi. Tengani botolo limodzi pa mtundu uliwonse, lembani manambala a pa kapepala ka pakhosi, muwalowetse pa webusaiti ya SAWIS, bungwe losunga mbiri ya vinyo wa ku South Africa. Idzakuonetsani wopanga, mtundu wa mphesa, chaka ndi dera. Zikasemphana ndi lebulo, bwezani katoni yonse. Pa organic, Fairtrade ndi WIETA, muuzeni wogulitsa akutumizireni setifiketi, muone dzina la famu ndi tsiku lothera, chifukwa ena amaonetsa yakale kapena ya vinyo wina wa kampani yomweyo. Kwezaninso botolo m'manja. Galasi ndi mayendedwe zimatenga gawo lalikulu la utsi woononga nyengo umene vinyo amabweretsa, ndipo botolo lopanda kanthu la magalamu 900 silisunga vinyo bwino kuposa la 420, limangolemetsa lole kuchokera ku Cape mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza. Mukamagulitsa pa tambula, vinyo wa m'bokosi ndi wabwino pa mbali imeneyi, ndipo akatsegulidwa amakhala masabata angapo mufiriji, bola muone tsiku limene anathiridwa poti sachedwa kukalamba.

Katundu akafika, onani ngati chotsekera chatukuka, ngati pakhosi pali zomata zosonyeza kudontha, kapena ngati vinyo woyera wayamba kuoneka wa bulauni. Zimenezo ndi zizindikiro zoti anapsa ndi kutentha panjira, makamaka mu Okutobala ndi Novembala malole akamachedwa pa boda. Musungeni m'chipinda cha mdima chosapitirira madigiri 20, kutali ndi khitchini ndi malata, ndipo mabotolo otsekedwa ndi koko (cork) muwagoneke chambali kuti kokoyo isaume.