Chifukwa chake chilala chimaimitsa sitima pa ngalande ya Panama

Mwafunsa kuti chilala chikhudza bwanji ngalande yolumikiza nyanja ziwiri zamchere. Achimwene, madzi okwezera sitima si am'nyanja zimenezo ayi. Ndi amvula, ochokera m'nyanja ya Gatún, yomwe ili mamita 26 pamwamba pa nyanja zamcherezo.

Sitima yochokera ku Atlantic imalowa m'chipinda chamadzi, zitseko zachitsulo n'kutsekedwa kumbuyo kwake. Akatsegula mavavu, madzi amatsika okha kudzera m'mipita ya m'makoma n'kutumphukira pansi pa chipindacho. Palibe mpope. Ku Gatún sitimayo imakwera zipinda 3 kufika m'nyanjayo, kenako polowera ku Pacific imatsika 1 ku Pedro Miguel ndi 2 ku Miraflores. Ulendo umodzi umataya malita pafupifupi 200 miliyoni, ndipo amenewa sabwereranso.

M'chilala cha 2023, bungwe la boma loyendetsa ngalandeyi, Autoridad del Canal de Panamá, linachepetsa sitima zodutsa patsiku, linalamulanso kuti zisamire kwambiri, ndiye zina zinatsitsa katundu. Chowawa n'chakuti nyanja ya Gatún yomweyo ndi imene anthu ambiri akumeneko amamwa.

Zipinda zatsopano za 2016, Agua Clara ndi Cocolí, zili ndi mathanki am'mbali obweza 60 peresenti ya madzi, koma zimalowetsako mchere ku Gatún.